Musanatitche aulesi, timvereni kaye

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Ife tamva m'mimba, n'chifukwa chake tabwera tokha kudzayankhula nanu, inu makolo athu, inu mabwana olemba anthu ntchito, ndi inu atsogoleri a dziko lino. Ndife anyamata ndi atsikana a ku Ndirande ndi ku Bangwe, a ku Kawale ndi kwa Chinsapo, a ku Chibavi ndi ku Mchengautuwa, pamodzi ndi anzathu a m'midzi amene amaswera pakhonde la golosale kudikira wowaitana ganyu. Ena tili ndi satifiketi ya fomu 4, ena dipuloma, ena digiri, ena tinalekezera panjira fizi itasowa. Koma kukacha tonse timafanana, tilibe kolowera. Mwatinena mokwanira kuti ana a masiku ano ndi aulesi, amasankha ntchito, amangokhalira kudinadina foni. Lero mutimvere kaye, kuweruza kubwere pambuyo.

Sitili ochepa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti m'dziko muno munali anthu oposa 17.5 miliyoni, ndipo theka la anthuwo anali asanakwanitse zaka 18. Ana amene anawerengedwa ali m'kalasi chaka chimenecho ndi amene akuzungulira m'tauni ndi maenvelopu lero. Ambiri a ife tinabadwa maphunziro aulere a pulayimale atayamba kale mu 1994. Tinaphunzirira pansi pa mtengo, buku limodzi kulimbirana ana asanu. Amayi anakazinga mandasi, abambo anagulitsa mbuzi, kuti fizi ya ku sekondale ipezeke. Pangano linali lomveka bwino: limbikira sukulu mwana wanga, udzagwire ntchito, udzatithandize. Mbali yathu ya panganolo tinakwaniritsa.

Chimene ambiri a inu simuchiona n'chakuti kufuna ntchito kumadya ndalama, chikhalirecho wofuna ntchito ndi munthu wopanda ndalama. Ntchito ikalengezedwa m'nyuzipepala, nyuzipepalayo sitigula. Timadikira wina aijambule, atiponyere pa WhatsApp, ndipo pamenepo pafunika bandulo. Kenako kukataipitsa kalata ndi CV, fotokope ya satifiketi, fotokope ya chiphaso cha unzika, kukadinditsa ngati anena kuti mapepala akhale otsimikizidwa, envelopu ya khaki, minibasi yopita ndi yobwerera. Ukafika pageti, mlonda amangoloza katoni: "Ponyani m'menemo achimwene." Katoniyo imakhala itadzaza kale, maenvelopu ena agwera pansi, anthu akuwaponda. Umaika yako pamwamba n'kufunsa mwaulemu, "Bambo, tidzamva liti?" Yankho lake ndi limodzi kulikonse: "Akakufunani akuimbirani." Kuyambira tsikulo foni suizimitsa, nambala yachilendo ikaimba mtima umagunda, ukayankha n'kupeza kuti ndi munthu wasokera. Miyezi imatha popanda ngakhale uthenga wa mawu awiri wokuuza kuti sizinatheke.

Ukaitanidwa ku intavyu, chimwemwe chake n'cha kanthawi. Ntchito zambiri zili ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndiye wa ku Chitipa, ku Nsanje kapena ku Likoma aganize za ulendo, kogona ndi chakudya, asanaganize za jekete yobwereka ndi nsapato za alamu. Mlongo wathu wina anagulitsa foni kuti apeze thiransipoti yopitira ku intavyu. Atabwerako ankayenda ndi simu khadi yokulunga m'kapepala, madzulo n'kumabwereka foni ya aneba kuti aone ngati wina anamufuna. Pa mpikisano wotere mwana wa munthu wosauka amagwa msanga, nzeru ali nazo, ya minibasi itamuthera.

Ndiye pali nkhani ya zaka za pantchito. "Wofunsira akhale woti anagwirapo ntchitoyi zaka 5." Ngakhale ntchito yolandira alendo, ngakhale yolemba malisiti. Zaka zimenezo tizitenga kuti pamene aliyense akufuna munthu wophunzitsidwa ndi mnzake? Timazithera pakhomo, ndipo zikatha timapeza chilengezo china chikuti wofunsira asapitirire zaka zakuti. Ukakhala wamng'ono akuti sudziwa ntchito, ukakula akuti wakalamba. Pomwepo tikuona akuluakulu ena amene anapuma atakwanitsa zaka 60 akuitanidwanso pa kontirakiti, mpando womwewo.

Mu 2018 boma linayambitsa ndondomeko yotumiza omaliza maphunziro a ukachenjede m'maofesi ake kuti akaphunzire ntchito, n'kumalandira K80,000 pamwezi. Sitikunyoza, alipo anzathu amene anapindula. Koma ambiri nthawi itakwana anabwerera kunyumba ndi kalata yoyamikira basi. Mabwana ena a makampani aonerapo njira: amatenga ana ophunzira ntchito, kuwagwiritsa ntchito ya munthu wathunthu, kuwapatsa ya sopo, miyezi ikatha kuwatsanzika n'kutenga ena. Ntchito ikuyenda, wolembedwa palibe.

Chotipweteka kuposa zonsezi ndi funso lija losalembedwa pa chilengezo chilichonse: kumeneko mukudziwako ndani? Tonse tinakhalapo pa intavyu yongokwaniritsa mwambo. Mumandandalika pabenchi, aliyense akubwereza m'mtima zimene akayankhe, thukuta lili kamukamu. Mumalowa mmodzimmodzi, mafunso awiri, "zikomo, tikudziwitsani." Koma pabenchipo pamakhala mmodzi amene sakuwerenga kanthu, akungosewera ndi makiyi. Mlembi akatuluka amamumwetulira: "Amalume adzuka bwanji?" Basi, mumadziwiratu kuti mwangoperekeza. Ntchitoyo inaperekedwa kale kumowa, kutchalitchi, kuchipani, kapena pongoyang'ana dzina la bambo ndi boma lochokera. Chipani chikalowa m'boma ana ake amalowa nacho, chikatuluka a mbali inayo amati nafenso nthawi yathu yakwana. Ife opanda amalume, opanda nsalu ya chipani, timaonerera maulendo onse awiri.

Ena sachita manyazi, amatchula mtengo: "Pezani kangachepe, dzina lanu lilowe pamndandanda." Ena ndi mbava zenizeni, zimalengeza ntchito zabodza pa Facebook, kuuza anthu atumize ndalama ya fomu kapena ya yunifolomu pafoni, ndalama ikangolowa nambala n'kuzima. Alongo athu ndiye amaona zakuda. "Mapepala anu ali bwino kwambiri, koma tikambirane madzulo, malo ndikuuzani." Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa khalidwe limeneli. Koma mtsikana wofuna ntchito sanalowe n'komwe pakampanipo, sadziwa ofesi yokadandaulako, umboni alibe. Akakana amangomva kuti sanakhoze, ndipo sanena kwa munthu poopa kuti afunsidwa zimene anavala.

Amene mumati sitifuna ntchito kumbukirani za 2020, pamene unduna wa zaumoyo unaitana anthu kuti angobwera kudzayesedwa pa ntchito za alangizi a zaumoyo. Achinyamata anakhamukira kumalo oyeserako miyandamiyanda, ndipo ku Mzuzu anthu anapondana mpaka kuvulala. Munthu waulesi salawirira m'bandakucha kukapondedwa pageti.

Chodabwitsa china n'chakuti pali malo pamene ntchito ilipo, antchito alipo, koma ziwirizi sizikumana. Boma limaphunzitsa aphunzitsi a pulayimale m'makoleji ake monga a Kasungu, Karonga, Machinga ndi Blantyre pa ndondomeko ya IPTE, ndi misonkho ya Amalawi. Akamaliza amakhala zaka akudikira kulembedwa, uku m'sukulu zambiri mphunzitsi mmodzi akulimbana ndi ana a sitandade 1 oposa 100. Anamwino chimodzimodzi: wina akugulitsa zitenje pamsika, mnzake m'chipatala akuthamanga yekha wodi yonse usiku. Mumatiuza kuti thumba la malipiro n'lochepa. Tamva. Koma ndife omwewo amene tinakula tikumva za mabiliyoni a Cashgate amene anatuluka ku Capital Hill mu 2013, ndipo mpaka lero timaona magalimoto atsopano ndi misonkhano ya kunyanja yosatha. Thumbalo limachepa likafika pa ife pokha.

Tsopano tibwere ku uphungu umene mumaukonda kwambiri, woti tidzilembe tokha ntchito. Pa mwambo uliwonse wopereka madigiri mlendo wolemekezeka amanena zimenezi, iye mwini atakhala pa ntchito yolembedwa moyo wake wonse. Ife sitikukana. Tangoyendani muone. Amene akupalasa kabaza, amene akukazinga tchipisi pachiwaya, amene akuitanira kaunjika ku Limbe ndi ku Tsoka, amene akupsa ndi dzuwa m'tizikwangwani ta Airtel Money ndi Mpamba, amene akuumba njerwa ndi kuwotcherera mafelemu, si akuluakulu ayi, ndife. Kutakata tinayamba kale, musanatiuze.

Koma geni imafuna mpamba. Ku banki amafuna chikole: nyumba, malo okhala ndi mapepala, kapena umboni wa malipiro a pamwezi, zinthu zomwe lova sangakhale nazo. Mu 2024 Reserve Bank inakweza chiwongoladzanja chake kufika pa 26 peresenti, ndipo mabanki enawo sankabwereketsa motsika kuposa pamenepo kwa munthu wamba. Ndi geni iti ya tomato imene ingabweze ngongole yotere? Chotsala ndi banki m'khonde, imene imathandizadi koma mpamba wake ndi wa mandasi, kapena katapila, amene ukachedwa amadzanyamula ndi matiresi omwe.

Mayina a ngongole za boma tawamva ambiri. Kunali MARDEF mu 2005, kunabwera YEDF ya achinyamata mu 2010, kenako MEDF, mu 2020 n'kusanduka NEEF. Dzina limasintha, khalidwe ayi. Ngongole zimachuluka chisankho chikayandikira, andale amalowererapo, ndipo olandira ena amaziona ngati mphatso yowathokoza, sabweza. Tisabise, alipo achinyamata anzathu amene anadya ngongolezi, kugulira mafoni ndi mowa, ndipo anatipweteketsa tonse chifukwa thumba loyenera kuzungulira linauma. Amenewo sitikuwaikira kumbuyo. Koma amene anawapatsa ankadziwa bwino chimene ankagula ndi ndalamazo.

Ngakhale uupeze mpambawo, kuusunga ndi nkhondo ina. Kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, n'kugwetsedwanso ndi 44 peresenti mu November 2023. Mnyamata amene ankaoda belo la kaunjika payekha anayamba kusonkherana ndi anzake kuti agawane belo limodzi. Namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, dziko linataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo kuthimathima kunafika poipa. Amene tinali ndi kashopu kometera tikukumbukira: kasitomala wametedwa mbali imodzi, magetsi phethi, iye n'kuvala chipewa kumapita atakwiya, iwe n'kukhala pampando wakewo kudikira mpaka usiku. Wowotcherera zitsulo ankagona kushopu kuti magetsi akayaka pakati pa usiku adzuke agwire ntchito. Mwezi ukatha alandilodi safunsa za magetsi, amafuna lendi yawo. Ukati ugulitsire m'mbali mwa msewu chifukwa mumsika malo anatha, a khonsolo amabwera n'kukutaira katundu m'galimoto, mpamba wonse kuthera pomwepo.

Za ntchito zamanja tikugwirizana nanu. TEVETA ilipo kuyambira 1999, makoleji a Soche, Nasawa, Namitete, Salima, Lilongwe, Mzuzu ndi Livingstonia alipo, ndipo kuyambira 2015 kunabwera makoleji a m'madera. Ndi nzeru yabwino, kungoti malo ndi ochepa kuyerekeza ndi ofuna, ndipo womaliza amatuluka ndi satifiketi, wopanda sowo, wopanda makina osokera. Amakathera kwa mmisiri wina kukagwira ulere.

Mukamati bwererani kumudzi mukalime, mufunsenso kuti tikalima pati. Munda wa agogo unagawidwa kwa ana, ana anagawira ana awo, chotsala ndi kachigawo kosakwana kudyetsa banja. Thumba limodzi la feteleza linadutsa K100,000. Ukalimbikira n'kukolola soya kapena nandolo, venda amabwera ndi sikelo yake ndi mtengo wake. Anzathu a ku Phalombe, Mulanje ndi Chikwawa anaona minda ikukokoloka ndi namondwe Freddy mu March 2023, chaka chotsatira ng'amba n'kumaliza zotsala. Kulima sitikuda, ambiri tinakulira pakhasu. Chimene tikukana ndi kulima kolemeretsa venda.

Makolo athu amasimba za masiku amene m'mawa khamu la anthu linkatsika ku Ndirande kupita ku Makata, ku David Whitehead ndi mafakitale ena, aliyense ndi kachikwama ka nkhomaliro. Kuyambira 1996 makampani a boma anayamba kugulitsidwa, ena anachepa, ena anafa. Mu 2022 masitolo a PTC anatsekedwa, chaka chomwecho ADMARC inatumiza antchito ake kunyumba. Mbewu zathu zimatuluka m'dziko zosakonza, ife n'kumagula kunja zovala, sopo, ngakhale zotokosera m'mano. Ntchito zimene tikuzilirazi zili kumene kukupangidwa katundu ameneyo. Mu 2020 tinalonjezedwa ntchito 1 miliyoni, tinaomba m'manja, tinakavota. Masomphenya a 2020 anadutsa osaoneka, tsopano tikuuzidwa za Malawi 2063. Wobadwa mu 2000 adzakhala ndi zaka 63 chaka chimenecho, atapitirira msinkhu wopumira pa ntchito imene sanaigwirepo.

Musadabwe tsono mukamaona mizere ya pasipoti. Agogo athu ankapita kumigodi pa Wenela mpaka ndege inagwa ku Francistown mu 1974, Kamuzu n'kuletsa ulendowo. Ife tikupita ku Joni patokha, kudzera ku Dedza kapena ku Mwanza, kudutsa Tete mpaka Beitbridge, ena opanda mapepala. Ku Mangochi, ku Mzimba ndi ku Nkhata Bay kuli midzi imene anyamata anatha. Alipo amene atumiza malata ndi njinga zamoto. Alipo amene anatsekeredwa ku Lindela, amene anathawa ziwawa zodana ndi alendo mu 2008, mu 2015 ndi mu 2019, ndi amene anabwera m'bokosi abale atasonkha. Alongo athu ena ananamizidwa ntchito zabwino ku Oman n'kukapezeka akapolo m'nyumba za anthu, mapasipoti atalandidwa. Mu November 2023 achinyamata 221 anakwera ndege kupita ku Israel kukagwira ntchito m'minda, nkhondo ili mkati. Ena munawanena kuti ndi opusa. Ife sitinawanene, ambiri tinkafunsa kumene akulembetsa.

Za kunyumba n'zovuta kuzikamba. Munthu wa ndevu zake kupempha amayi ya sopo. Mng'ono wako kukuyang'ana n'kufunsa phindu la sukulu, iwe wopanda choyankha. Pamaliro anzako akusonkha, iwe n'kuthamangira kukumba manda kuti usaoneke wopanda pake. Chibwenzi chimatha chifukwa akwawo atopa kudikira. Amayi akamapemphera usiku umamva dzina lako likutchulidwa, ndipo m'mawa umavala bwino n'kutuluka, wopanda kopita, kuti aneba asanene. Ena a ife agwera m'kachasu ndi chamba, ena ndalama ya ganyu amakathera kobetcha mpira. Ena amatengedwa pa lole ndi andale, kupatsidwa tisheti ndi ya mowa kuti akagende anzawo, ndipo akamangidwa bwana uja foni sayankha. Ena tawaika m'manda atadzipha, anthu pamaliro n'kumanong'onezana kuti anali mwana wofatsa, sankadandaula.

Zambiri zimene tadandaulazi sizifuna thandizo la mayiko akunja kuti zithe. Mafakitale sangamere chaka chimodzi, zimenezo tikudziwa. Koma kulemba ntchito mwachilungamo sikufuna ngongole ya IMF. Ntchito iliyonse ya boma ilengezedwe pawailesi ndi kumaofesi a DC, ndipo mayeso akatha mayina a opambana akhomedwe poyera pamodzi ndi malikisi awo. Lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza uthenga linayamba kugwira ntchito mu 2020, ndiye chobisira n'chiyani? Intavyu zizichitikira m'maboma kapena pafoni, wa ku Chitipa asagulitse mbuzi chifukwa cha mafunso awiri. Ntchito zoyambira zisafune zaka 5, ndipo kampani yosinthasintha ana ophunzira ntchito a Leba aifunse. Maofesi a Leba omwewo, amene alipo kale m'maboma, azilemba ofuna ntchito ndi luso lawo, olemba ntchito azikayambira kumeneko. Atsikana akhale ndi nambala yaulere yokanenako bwana wofuna za madzulo, ndipo mmodzi yekha atalangidwa poyera enawo adzaphunzira.

Ngongole zichoke m'manja mwa andale. Womaliza ntchito zamanja mum'kongoze zida m'malo mwa ndalama, azibweza pang'onopang'ono, ndipo wosabweza mum'tsate posayang'ana chipani chake. Sukulu ya boma ikafuna madesiki, chipatala chikafuna makatani, ntchitoyo ipite kwa akalipentala ndi matelala a m'boma momwemo, ndipo muziwalipira nthawi yake, chifukwa geni yaing'ono imafa ndi ngongole ya miyezi itatu. Aphunzitsi ndi anamwino amene munawaphunzitsa kale alembeni, kapena lekani kuphunzitsa ena mongowanamiza.

Inu makolo, mwana akabwera madzulo nsapato zili mbuu, musayambe ndi kumufanizira ndi mwana wa aneba. Mufunseni kumene wayenda. Ndipo inu bwana amene mukuwerenga izi muli muofesi, makalata amene aunjikana kwa mlembi wanuwo analembedwa ndi anthu amene anabwereka ndalama kuti akufikeni. Awerengeni, musankhe wodziwa ntchito, ndipo otsalawo muwayankhe, ngakhale yankho lake likhale lakuti ayi.